Makina Olankhula M'kalasi: Mbiri ya Zipangizo Zophunzitsira Sayansi m'Sukulu za Pulaimale m'Zambia ndi Funso la Cinenero

1. Mau Oyamba

Mbiri ya maphunziro m'Zambia yalembedwa kawirikawiri monga mbiri ya malamulo, ya ciwerengero ca masukulu ndi ya ndalama za boma. Mbiri ya zinenero m'masukulu nayonso yalembedwa payokha ndi ife a maphunziro a zinenero. Koma pakati pa ziwirizi pali mbiri yacitatu imene yakhala yopanda mwini, ndiyo mbiri ya zipangizo zimene zinalowa m'kalasi kudzathandiza mphunzitsi: sileti, wailesi, wailesi ya kanema ndi kompyuta.

Colinga ca pepala lino ndi kulondola mbiri imeneyi pa phunziro limodzi, la sayansi m'sukulu za pulaimale. Tasankha sayansi cifukwa m'phunziro limeneli mwana ayenera kuona cinthu, kucifotokoza, kufunsa cimene cacititsa, ndi kunena cimene akuganiza kuti cidzacitika. Nchito zonsezi zimacitika ndi mau. Mfundo yathu ndi yakuti cipangizo ciriconse cinalowa m'kalasi ciri ndi cinenero cake, ndipo phindu lake linadalira pa zinthu ziwiri: ngati mwana anamva zimene cinanena, ndiponso ngati anapatsidwa kanthu kogwira ndi manja ake atamva.

2. Nyengo ya Amishoni

M'caka ca 1854, David Livingstone anaonetsa zithunzi kwa mfumu Shinde ya Alunda. Anagwiritsa nchito nyali yoponya zithunzi pansalu. Iye mwini analemba kuti cithunzi coyamba cinali ca Abrahamu atakweza mpeni pa Isake, ndipo pamene cinasunthidwa amai anathawa poganiza kuti mpeniwo ukudza kwa iwo. Shinde anakhala pomwepo, pambuyo pake nayang'anitsitsa cipangizoco. Livingstone ananenanso kuti nthawi zonse ankafotokoza magwiridwe a nyaliyo kuti anthu asaiyese matsenga. Ici sicinali ciphunzitso ca sayansi, komabe cikutionetsa msanga vuto limene lidzabwerezedwa m'mbiri yonseyi: cithunzi copanda kufotokozera m'cinenero ca oonerera cimadabwitsa kapena kuopsa, koma siciphunzitsa.

Sukulu za amishoni zitayamba, zipangizo zake zinali zocepa. Kum'mawa, mpingo wa Dutch Reformed unakhazikitsa mishoni yake yoyamba pa Magwero, pafupi ndi Fort Jameson amene tsopano ndi Chipata, mu 1899. M'sukulu za m'midzi zocokera ku mishoni zotere munali sileti, bolodi, coko, mabuku owerengeka ndi munda wa sukulu. Zimene lero tikuti sayansi zinkaphunzitsidwa monga za cilengedwe, ukhondo ndi ulimi, ndipo m'makalasi oyamba zinkaphunzitsidwa m'Cinyanja. Bungwe la Phelps-Stokes, limene linayendera maiko a cigawo cino mu 1924, linalimbikitsa zonse ziwiri: cinenero ca makolo m'zaka zoyamba, ndi maphunziro ogwirizana ndi moyo wa kumudzi.

Sitiyenera kuikometsa nyengo imeneyi. Maphunzirowo anali aafupi, ndipo ana ambiri ankalekezera m'makalasi oyambirira. Colinga cake cinali kukonza mlimi waukhondo ndi wanchito womvera; njira yopita ku udokotala kapena uinjiniya inali yotsekeka. Motero Aafirika ambiri anayamba kuona maphunziro a m'cinenero cao monga msampha wowatsekera pansi, pamene Cingerezi cinali khomo la nchito ndi ulemu. Malingaliro amenewa ndiwo anakonza njira ya zimene zinacitika ufulu utabwera.

3. Wailesi Isanalowe M'kalasi

Kuulutsa mau kunayamba ku Lusaka mu 1941, pa nthawi ya nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Nkhondo itatha, mkulu wa zofalitsa nkhani Harry Franklin anakulitsa nchitoyi kufikira inakhala Central African Broadcasting Station, nyumba youlutsa mau kwa Aafirika a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland m'zinenero zao, kuphatikizapo Cinyanja, Cibemba, Citonga ndi Cilozi. Vuto linali lakuti anthu analibe mawailesi. Franklin anafunafuna kampani yopanga wailesi yochipa yoyendera batire, ndipo mu 1949 kampani ya Ever Ready inaturutsa wailesi yochedwa Saucepan Special, cifukwa inkaoneka ngati poto wophikira. Mtengo wake unali mapaundi 5, batire payokha.

Kwa wophunzira za zinenero, nyengo imeneyi ndi yofunika kwambiri. Kwa zaka zoposa khumi aulutsi monga Alick Nkhata ndi anzake ankalankhula pamphepo m'zinenero za dziko lino, ndipo pakati pa nyimbo ndi nkhani munali malangizo a za umoyo ndi ulimi. Ngakhale kuti wailesiyi inalinso cida ca boma la atsamunda, inatsimikiza kuti Cinyanja cikhoza kunyamula nkhani za matenda, nthaka ndi mbeu kudzera m'makina. Liu lomwe lakuti wailesi linalowa m'cinenero mosavuta ndi kutsata malamulo ake. Cotero pamene wailesi inafika pakhomo la kalasi, inali italankhula kale Cinyanja kwa makolo a ana omwewo.

4. Ufulu ndi Cisankho ca Cingerezi

Pamene Zambia inalandira ufulu mu 1964, inali ndi nzika pafupifupi 100 zokha zimene zinatsiriza maphunziro a yunivesite. Boma latsopano, John Mwanakatwe ali nduna ya zamaphunziro, linafulumira kumanga masukulu, ndipo University of Zambia inatsegulidwa mu 1966. Ana anaculuka msanga kuposa aphunzitsi ophunzitsidwa bwino. Apa ndi pamene makina anaoneka ngati yankho. Pakati pa zaka za m'ma 1960 Unduna unakhazikitsa nthambi youlutsa maphunziro, ya wailesi ku Lusaka ndi ya wailesi ya kanema ku Kitwe, kumene kanema anali atayamba mu 1961. Ganizo linali lomveka: mphunzitsi mmodzi waluso akhoza kulankhula m'makalasi ambirimbiri nthawi imodzi.

M'zaka zomwezo munapangidwa cisankho cina. Potsatira malangizo a akatswiri a UNESCO otsogozedwa ndi W. C. Radford, boma linagamula mu 1965 kuti Cingerezi cikhale cinenero cophunzitsira kuyambira Giredi 1, ndipo lamulo la maphunziro la 1966 linapereka maziko a cisankhoco. Mabuku a Zambia Primary Course analembedwa pa maziko amenewo. Zifukwa zake zinali zenizeni: kugwirizanitsa mitundu yambiri, kuthandiza ana a m'matauni a migodi kumene zinenero zinali zosakanikirana, ndi kulola aphunzitsi kutumizidwa kucigawo ciriconse. Panalinso cikumbukiro cowawa cimene tachula kale.

Zotsatira zake pa sayansi zinali zazikulu. Wailesi imene inkalankhula ndi makolo m'Cinyanja inalankhula ndi ana ao m'Cingerezi. Mphunzitsi wam'kalasi akhoza kuona pankhope kuti mwana sanamve, naima, nabwereza m'cinenero cina. Wailesi ya masiku amenewo sinkaima, sinkaona nkhope, ndipo sinkayankha funso. Phunziro la momwe mbeu imamerera likafika m'cinenero cimene mwana akungociyamba, cimene cimatsala m'mutu ndi mndandanda wa mau oloweza. Wailesi ya kanema inali ndi mwai woonetsa cinthu cenicenico, koma inkafika m'matauni a m'mbali mwa njanji okha, kumene kunali magetsi. Mwana wa ku Katete kapena ku Lundazi sanaione.

5. Njira Ina: Sayansi ya Manja

Pa nthawi yomweyo m'maiko ena a mu Africa munkayesedwa njira yosiyana. African Primary Science Program inayamba mu 1965 pambuyo pa msonkhano wa ku Kano m'Nigeria, mothandizidwa ndi bungwe la ku America limene linadzachedwa Education Development Center. Malo ake okonzera maphunziro anali m'maiko angapo, ndipo amodzi anali ku Domasi m'Malawi. Mu 1970 nchitoyi inapitirizidwa ndi bungwe la Aafirika eni ake, Science Education Programme for Africa.

Anthu amenewa ankakhulupirira kuti cipangizo coyamba ca sayansi ndi cilengedwe cozungulira sukulu. Phunziro lao lochuka, Ask the Ant Lion, linali la kacirombo kamene kamakumba kadzenje m'mcenga kuti kagwire nyerere, kamene mwana aliyense wa kumudzi amakadziwa. Mwana akafunsa kuti kamadya ciani kapena kamayenda bwanji, mphunzitsi sankayankha. Ankamuuza kuti akafunse kaciromboko, ndiye kuti akayese ndi kuona yekha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo njira imeneyi inkaphunzitsa kudekha komweko. Tikuichula pano cifukwa ikutipatsa muyezo woyezera makina onse. Ana akazungulira kadzenje ka m'mcenga amatsutsana, ndipo amatsutsana m'cinenero cimene amaganizira. Cipangizo cabwino ndi cimene cimayambitsa mtsutso wotero.

6. Zaka za Kusowa

Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, cuma ca dziko cinalowa pansi, ndipo sukulu zinamva msanga. Wailesi imafuna mabatire, imafuna wokonza ikafa, ndiponso imafuna kabuku ka mphunzitsi kofika pa nthawi yake. Zonsezi zinayamba kusowa, pamodzi ndi mabuku ndi madesiki. M'sukulu zambiri phunziro la sayansi linabwerera ku bolodi ndi coko, ana akukopera manotsi a Cingerezi onena za zinthu zimene sanaziyesepo.

Pa za cinenero, cikalata cokambirana ca 1976 cinapereka ganizo lakuti zinenero za m'Zambia zigwiritsidwe nchito kuyambira Giredi 1 kufikira Giredi 4. Koma cikalata comaliza ca 1977, Educational Reform, ngakhale cinavomereza kuti mwana amaphunzira bwino m'cinenero ca makolo, cinasunga Cingerezi, ndi kungolola mphunzitsi kufotokozera mfundo zovuta m'cinenero ca m'deralo. Caka comweco Unduna unavomereza kalembedwe ka zinenero zisanu ndi ziwiri za m'zigawo. Tinapeza kalembedwe, koma zinenerozo sizinapatsidwe nchito ya sayansi yoti zilembe.

Mtengo wa cisankhoci unaonekera poyera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pamene Eddie Williams anayerekeza kawerengedwe ka ana a m'Zambia ndi a m'Malawi. Ku Malawi pa nthawiyo ana ankaphunzira m'Cicewa zaka zinai zoyamba. Iye anapeza kuti ana a m'Malawi ankawerenga cinenero cao bwino kwambiri kuposa momwe ana a m'Zambia ankawerengera Cinyanja, pamene pa Cingerezi panalibe kusiyana kwenikweni. Zaka zinai za Cingerezi cokha sizinawapatse ana athu Cingerezi coposa, koma zinawamana luso lowerenga cinenero cao. Mwana wotere sangathe kuwerenga buku la sayansi m'cinenero ciriconse. Ndondomeko ya 1996, Educating Our Future, inayankha mwa kulola kuti mwana ayambe kuwerenga m'cinenero ca m'deralo, ndipo Primary Reading Programme inayamba mu 1999. Koma sayansi inakhalabe m'Cingerezi.

7. Wailesi Yophunzira Kudikira

M'caka ca 2000 wailesi inabwerera m'maphunziro mwa njira yatsopano. Mliri wa Edzi unali utasiya ana amasiye ambiri, ndipo umphawi unatsekera ena kunja kwa sukulu. Nthambi ya Unduna youlutsa maphunziro, mothandizidwa ndi USAID ndi Education Development Center, inayambitsa pulogalamu ya Learning at Taonga Market. Ana ankasonkhana m'chalichi, m'khumbi kapena pansi pa mtengo, ali ndi mlangizi wodzipereka wosankhidwa ndi anthu a m'deralo. Phunziro lirilonse linali la mphindi 30. Vuto la mabatire linacepa cifukwa ca mawailesi opukusa ndi dzanja kapena olandira mphamvu ya dzuwa, monga amene bungwe la Freeplay Foundation linkagawa. M'kupita kwa nthawi maphunzirowa anafika Giredi 7, analowa m'sukulu za m'midzi ndi za boma, ndipo nyumba zoulutsa mau za m'madera, monga Chikuni Radio ya ku Monze, zinatengako mbali.

Kusiyana kwake ndi wailesi ya m'ma 1960 kunali m'kamangidwe ka phunziro. Mphunzitsi wa pamphepo ankapereka lamulo kapena funso, kenaka n'kukhala cete kwa kanthawi koyezedwa, kuti mlangizi ndi ana acite kapena ayankhe. Maphunzirowo anali m'Cingerezi, koma mlangizi ankauzidwa kumasulira ndi kufotokoza m'cinenero ca ana. Kwa nthawi yoyamba makina anavomereza kuti pafunika munthu pakati pa iwo ndi mwana.

Komabe kakonzedwe kameneka kanaika mtolo wolemera pa munthu wofooka kwambiri m'dongosolo lonse. Mlangizi, amene kawirikawiri analibe maphunziro a uphunzitsi ndipo sankalandira malipiro a boma, anayenera kupeza m'kanthawi kocepa liu la Cinyanja la mfundo ya sayansi imene akatswiri a zinenero ndi olemba mabuku anali asanagwirizanepo. Pa kuwerenga ndi masamu oyamba vutoli ndi laling'ono. Pa sayansi ndi lalikulu, monga tidzaonera m'gawo 9.

8. Kompyuta Zam'manja ndi Kusinthasintha kwa Malamulo

Mu 2013 kampani ya m'Zambia ya iSchool inaturutsa ZEduPad, kakompyuta kam'manja kokhala ndi maphunziro a pulaimale otsatira silabasi ya boma, ndipo a m'makalasi oyamba anali ndi mau a Cingerezi ndi a zinenero za m'Zambia. Cipangizo cotere cimatha kucita zimene wailesi sinkatha: mwana akhoza kuimitsa phunziro, kulibwereza ndi kusankha cinenero. Cikhozanso kuonetsa zimene maso sangaone, monga kuyenda kwa magazi m'thupi kapena kuzungulira kwa dziko. Caka cotsatira, 2014, boma linayamba kugwiritsa nchito ndondomeko yophunzitsira m'zinenero zodziwika kwa ana kuyambira Giredi 1 kufikira Giredi 4. Pamenepo, patapita zaka pafupifupi makumi asanu, sayansi ya makalasi oyamba inaloledwa kulankhula Cinyanja mwalamulo, ndipo olemba mabuku anakakamizika kufuna mau mofulumira.

Sukulu zitatsekedwa mu 2020 cifukwa ca mliri wa COVID-19, boma linatembenukira ku wailesi, ku intaneti ndi ku njira yapadera ya maphunziro pa kanema wa ZNBC. Mzere wakale unaonekanso: a magetsi anaona, opanda magetsi anadikira, ndipo wailesi yakaleyo ndiyo inatha kufika kutali. Kenaka ndondomeko ya 2023, imene inayamba kugwira nchito mu 2025, inaikanso Cingerezi monga cinenero cophunzitsira kuyambira paciyambi, zinenero za m'Zambia n'kupatsidwa nchito yofotokozera. Kusinthasintha kotere kumawononga nchito ya zipangizo, pakuti phunziro lojambulidwa limatenga nthawi ndi ndalama zambiri, ndipo palibe amene angalimbike kujambula m'Cinyanja ngati sakudziwa kuti lamulo lidzakhala zaka zingati.

9. Kodi Cinyanja Cikhoza Kunyamula Sayansi?

Otsutsa amati zinenero zathu ziribe mau a sayansi. M'mau amenewa muli coonadi cimene tiyenera kuciyang'ana mosabisa. Liu lakuti mphamvu limaimira zimene Cingerezi ca sayansi cimasiyanitsa monga force, energy ndi power. Mpweya ndi air, ndi gas, ndiponso kawirikawiri oxygen. Kutentha kumaimira heat ndi temperature. Timati mafuta asungunuka pamoto, timatinso shuga wasungunuka m'madzi, pamene sayansi imati ici ndi melting, ico ndi dissolving. Mlangizi womasulira mofulumira adzagwiritsa nchito liu limodzi pa zinthu ziwiri, ndipo mwana adzaganiza kuti ndi cinthu cimodzi.

Koma vuto limeneli si la Cinyanja cokha. M'Cingerezi ca tsiku ndi tsiku mau omwewo amasakanizidwa. Matanthauzo ake okhwima anaikidwa ndi akatswiri mogwirizana, ndipo mwana wa ku London nayenso amawaphunzira m'kalasi. Cimene Cinyanja cikusowa ndi mgwirizano wotero, woti aphunzitsi, olemba ndi ojambula mapulogalamu asankhe njira imodzi, kaya kubwereka liu monga tinabwerekera wailesi ndi batire, kaya kupatsa liu lakale tanthauzo lopapatiza.

Komanso Cinyanja ciri ndi cuma cimene mabuku a sayansi sanacigwiritse nchito mokwanira. Aneni athu amasiyanitsa cocitika ndi cocititsa m'kapangidwe kao: madzi awira, moto wawiritsa madzi; nsalu yauma, dzuwa laumitsa nsalu; mcere wasungunuka, madzi asungunula mcere. Funso lalikulu la sayansi, lakuti n'ciani cacititsa, liri kale m'galamala ya mwana wa zaka zisanu ndi cimodzi. Mlimi amasiyanitsa katondo, makande ndi mcenga, ndipo amadziwa nthaka imene imasunga madzi. Mai woceza cidulo ca therere amadontheza madzi m'phulusa, ndiko kusungunula ndi kusefa. Wophika kacasu amasandutsa madzi kukhala nthunzi ndi kubweza nthunzi kukhala madzi. Makolo ankayenga citsulo m'ng'anjo. Phunziro lojambulidwa loyambira pa zinthu izi likhoza kutuma mwana kukaona ndi kukayesa kunyumba, ndi kubwera ndi mau ake.

10. Mau Omaliza

Kucokera pa nyali ya 1854 kufikira kompyuta zam'manja, mbiri imeneyi ikuonetsa kuti makina anapindulitsa pamene anasiyira munthu mpata wofotokoza ndi mwana mpata wogwira, ndipo analephera pamene analankhula okha m'cinenero cacilendo. Magetsi, mabatire ndi ndalama ndi nkhani za boma. Koma gawo lina ndi lathu. Lamulo lirilonse kuyambira 1977 lasiya khomo loti mphunzitsi afotokoze m'cinenero ca ana, ndipo kufotokoza kumeneko kumafuna mau okhazikika.

Cotero tikupempha nthambi za zinenero kuti zigwire nchito zitatu. Yoyamba ndi kujambula ndi kusanthula mau amene aphunzitsi a sayansi akugwiritsa kale nchito m'makalasi a ku Cigawo ca Kum'mawa ndi ku Lusaka, pakuti Cinyanja ca malo awiriwa cimasiyana. Yaciwiri ndi kukonza, pamodzi ndi akatswiri a sayansi ndi anzathu a ku Malawi ndi ku Mozambique, mndandanda wa mau a sayansi ya pulaimale woyesedwa pa ana enieni. Yacitatu ndi kusonkhanitsa ndi kusunga zolemba ndi matepi a maphunziro akale a pawailesi, kuti ojambula a mawa aone zimene zinayesedwa kale. Cipangizo cotsatira cidzafika m'kalasi posacedwa, ndipo cidzalankhula ndi mau amene cidzawapeza atakonzedwa.